Kukonza Galimoto Yakale Kapena Kugula Yatsopano: Funso la Antchito a Boma ku Mulanje

Aliyense amene waima pa Chitakale madzulo, nthawi imene antchito aweruka, waona kuti magalimoto a m'boma la Mulanje ali mitundu iwiri. Alipo akale, monga Toyota Corolla, Toyota Carina ndi Nissan Sunny a zaka za m'ma 1990, amene utoto wao unasuwa koma akuyendabe. Aliponso ang'onoang'ono onyezimira ochokera ku Japan, monga Suzuki Swift, Honda Fit, Toyota Vitz ndi Mazda Demio, ndipo pa mitundu imeneyi pali ina imene eni ake anaipangira liwiro, monga Swift Sport, Fit RS ndi Vitz RS. Mphunzitsi wamkulu kapena kalaliki wa pa Boma amene wasunga Corolla yake zaka zambiri, akapitiriridwa pa chitunda ndi kagalimoto kotere, afika kunyumba ali ndi funso mumtima: kodi ndiwonjezere mphamvu galimoto yangayi ndi ndalama zochepa, kapena nditenge ngongole ndigule yatsopano?

Funso ili si lachibwana ayi. Pa ilo pali fizi ya ana, pali malipiro a zaka zitatu kapena zinayi, ndiponso pali moyo wa anthu oyenda pansi. Chifukwa chake tiri kupempha awerengi athu kuti tilingalire pamodzi mofatsa.

Zimene zasintha

Poyamba tiyenera kukumbukira kuti galimoto, zipangizo zake ndi mafuta ake, zonse zigulidwa kunja ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100 iliyonse, kotero kuti dola imodzi ya ku America inafika pafupifupi K1,700 ku mabanki. Mwezi womwewo bungwe la MERA, limene liyang'anira mitengo ya mafuta, linaika petulo pa K2,530 pa lita, ndipo mu October 2025 linamkweza kufika K3,499. M'chaka cha 2024 banki yaikulu ya Reserve inakweza chiwongola dzanja chake kufika 26 pa 100 iliyonse, ndipo mabanki obwereketsa anthu aika chao pamwamba pa chimenecho.

Galimoto yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan itsika pa doko la Dar es Salaam ndi kulowa m'dziko muno pa Songwe, kapena idzera ku Durban ndi kulowa pa Mwanza. Mtengo umene munthu auona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali ndalama za sitima, za woyendetsa kuchokera ku doko, za msonkho wa MRA, za kaundula ndi za inshuwalansi. Msonkho umenewu ukula molingana ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Tsono munthu amene ali kale ndi galimoto yolembetsedwa, yoti msonkho wake unaperekedwa kalekale, ali ndi chuma chimene sayenera kuchipeputsa.

Mphamvu za pa pepala

Tisabise choonadi: pa liwiro lokha, galimoto yakale singafanane ndi yatsopano. Injini ya 5A-FE, ya malita 1.5, imene iri m'ma Corolla ambiri a zaka za m'ma 1990, inatuluka ku fakitale ndi mphamvu za akavalo pafupifupi 100, ndipo galimotoyo ilemera makilogalamu opitirira 1,000 pang'ono. Suzuki Swift Sport ya 2005 inali ndi akavalo 125, ya 2011 inali ndi 136, ndipo ya 2017, imene iri ndi injini ya malita 1.4 ndi turbo, iri ndi akavalo 140 pamene kulemera kwake ndi makilogalamu 970 okha. Ndiye kuti pa Corolla kavalo mmodzi akoka makilogalamu 10, pamene pa Swift yatsopanoyo kavalo mmodzi akoka makilogalamu 7.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Injini ipuma mpweya monga munthu, ndipo mpweya uchepa mphamvu munthu akamakwera kumtunda. Injini yopanda turbo itaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a mphamvu zake pa mamita 100 alionse okwera. Boma la Mulanje liri pa mamita opitirira 600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Limbe ali pa mamita opitirira 1,100. Potero Corolla ija ikamafika ku Limbe yataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi, ngakhale ikhale yabwinobwino. Injini ya turbo ikankhira mpweya m'kati mwa mphamvu, choncho siitaya zambiri. Palibe sefa, palibe paipi, palibe mankhwala othira mu thanki amene angathetse kusiyana kumeneku. Amene akuuzani kuti ndi ndalama zochepa asandutsa Corolla yanu kukhala yothamanga ngati Swift Sport ali kukunamizani.

Koma funso lenileni ndi lina. Galimoto ya zaka 25 kapena 30 siikhalanso ndi akavalo 100 aja. Ena anathawira m'mapulagi otha, ena m'sefa yodzala fumbi, ena m'mabuleki ogwira, ena m'matayala ofooka. Ntchito yanzeru ndi yotsika mtengo ndiyo kubweza akavalo othawawo.

Misewu ya kwathu

Galimoto iyesedwa ndi msewu umene iyendamo. Kuchokera ku Mulanje kupita ku Limbe kuli misewu iwiri ya tala: wa Midima wodzera pa Nkando, umene m'chaka cha 2006 unapatsidwa dzina la Robert Mugabe, ndi wa M2 wodzera ku Luchenza ndi ku Thyolo, wokhotakhota ndi wa zitunda. M2 yemweyo apitirira kudzera m'minda ya tiyi mpaka ku Limbuli ndi ku chipata cha Muloza. Koma mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo sakhala pa tala nthawi zonse. Sukulu zambiri ndi zipatala zazing'ono ziri kumidzi, kumene msewu ndi wa dothi lofiira loterera m'dzinja, wa miyala ndi wa mitsinje yotsika m'phiri. Namondwe wa Freddy, mu March 2023, anaononga misewu ndi milatho yambiri m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, ndipo anationetsa kuti ngakhale msewu wabwino ungasanduke chigwembe usiku umodzi.

Apa ndi pamene galimoto yopangidwira liwiro ipeza mavuto. Swift Sport ya 2017 mimba yake iri mamilimita 120 okha kuchokera pansi. Matayala ake ndi a 195/45 pa marimu a mainchesi 17, ndiye kuti mphira wa m'mbali, umene ulandira nkhonya za maenje, ndi wa mamilimita 88. Tayala la 175/70 la Corolla yakale liri ndi mphira wa m'mbali wa mamilimita 122. Dzenje limene Corolla ilidutsa ndi kugwedezeka chabe lingathe kutupitsa tayala ndi kupinda rimu ya galimoto inayo. Ndipo tayala la mainchesi 17 la muyeso umenewo si lopezeka pa golosale iliyonse ya zipangizo. Kawirikawiri mwini ayenera kulilondola ku Limbe kapena ku Blantyre.

Zokonza zimene zithandiza

Amene wasankha kusunga galimoto yake ayambe ndi kuyeza asanagule kanthu. Makaniko wodziwa ntchito ayeza mphamvu imene silinda iliyonse ipanikiza nayo mpweya. Masilinda onse akakhala ofanana ndi amphamvu, injini iri ndi moyo ndipo ndi yoyenera kuikonza. Ina ikakhala yofooka kwambiri, kapena galimoto ikamatulutsa utsi wobiriwira ndi kumwa oyilo, ndiye kuti maring'i kapena mavavu atha, ndipo kugula zokometsera kuli ngati kupaka laimu nyumba yopanda maziko.

Zikatero, ntchito yoyamba ndi ya mapulagi ndi mawaya ake, sefa ya mpweya, sefa ya petulo, oyilo wa muyeso umene fakitale inalamula pamodzi ndi sefa yake, ndi kutchera nthawi ya moto. Izi ndi zotsika mtengo, koma ndizo zibweza mphamvu yambiri ndi kuchepetsa petulo. Lamba wa tayimingi asinthidwe nthawi yake ikakwana, pakuti akaduka pakati pa Nkando ndi Limbe usiku, ndalama zokokera galimoto ziposa mtengo wa lambayo.

Yachiwiri ndi ya madzi oziziritsa injini. Chizolowezi cha amakaniko ena chochotsa thermostat, ponena kuti dziko lathu ndi lotentha, ndi cholakwika. Injini yopanda thermostat ichedwa kutentha, makamaka m'miyezi ya chiperoni, ndipo injini yozizira imwa petulo wambiri ndi kutha msanga. Galimoto ikamawira, vuto likhala pa redieta yotsekeka, pa chivundikiro chake, pa fani kapena pa pampu. Kumeneko ndiko kuyenera kukonzedwa.

Yachitatu ndi ya mapaipi a petulo. Dziko lino linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo ya PressCane ku Chikwawa inayamba m'chaka cha 2004. Ethanol aumitsa mphira wakale ndipo akoka chinyezi. Paipi yong'aluka itayitsa petulo ndipo ingayambitse moto. Kuisintha ndi ndalama zochepa kwambiri.

Yachinayi, imene ife tiiyesa yopambana zonse, siikhudza injini konse. Ndiyo ya matayala, mabuleki, mashoko ndi mabushi. Matayala anayi abwino a muyeso woyenera, opopedwa bwino ndi oongoledwa pa makina, asintha kayendedwe ka galimoto kuposa china chirichonse chimene munthu angagule ndi ndalama zomwezo. Pa tayala lirilonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Wogula matayala a kaunjika awerenge manambala amenewa, pakuti mphira ukalamba ngakhale mapanga ake aoneke akuya. Mafuta a mabuleki amwa chinyezi, ndipo m'dziko la mvula yambiri ngati Mulanje ayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Akapanda kutero angathe kuwira pa chitsikirero chachitali, phazi n'kungolowa pansi. Mashoko otha achititsa tayala kudumphadumpha, ndipo tayala limene liri m'malere silikhota, siliimanso. Pomaliza, nyale zoyera ndi zopukutira galasi zatsopano ndizo maso a dalaivala m'nkhungu ya ku Thyolo.

Zoononga ndalama

Pali zina zimene achinyamata azikonda, zimene ziwonjezera phokoso osati mphamvu. Ekizozi yaikulu yobangula pa injini yaing'ono siiwonjezera kanthu koyenera kutchulidwa, ndipo nthawi zina ichepetsa mphamvu yokwerera chitunda. Sefa yapoyera yonga chipewa, imene ena aika m'malo mwa bokosi la fakitale, iyamwa mpweya wotentha wa pa injini ndipo ilola fumbi losalala kulowa. M'chilimwe cha kwathu fumbi limenelo lipala masilinda ngati mchenga. Kudula masipuling'i kuti galimoto itsike kuononga mashoko ndi kupereka mimba ya galimoto ku miyala. Marimu aakulu olemera achedwetsa galimoto ponyamuka. Phiko la kumbuyo ligwira ntchito pa liwiro la mpikisano, limene palibe ayenera kulifika pa msewu wa anthu onse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kusintha injini

Ena aganiza zoika injini yaikulu. Ndi zoona kuti m'thupi la Corolla ya nthawi imeneyo mungalowe injini ya 4A-FE ya malita 1.6, kapenanso ya 4A-GE ya mavavu 20 imene iri ndi akavalo pafupifupi 160. Koma injini siibwera yokha. Ifuna kompyuta yake, mawaya ake, nthawi zina giyabokosi yake, ndipo akavalo owonjezera afuna mabuleki aakulu. Ntchito imeneyi siikhalanso yotsika mtengo, ndipo injini zotere nazonso ndi za zaka pafupifupi 30. Kusintha injini yakufa ndi ina ya mtundu womwewo ndi nzeru. Kusaka injini ya mpikisano ndi chilakolako.

Palinso lamulo. Nambala ya injini ilembedwa m'kaundula wa nthambi ya Boma yoona za pamsewu ya DRTSS, ndipo galimoto iyenera kupimidwa kuti ilandire chiphaso cha COF. Wosintha injini adziwitse nthambi imeneyi ndiponso a inshuwalansi, ndipo asunge malisiti osonyeza kumene anaigula. Wantchito wa Boma, amene ayenera kukhala chitsanzo, asapezeke pa rodibuloko ndi injini yosadziwika chiyambi chake.

Pamene yatsopano ipambana

Sitingakhale achilungamo tikapanda kunena zabwino za magalimoto atsopano. Choyamba ndi chitetezo. Ali ndi mabuleki a ABS amene salola matayala kukwekwereza, ali ndi zikwama za mpweya zophulika pangozi, ndipo matupi ao anapangidwa kuti apindike kutsogolo ndi kusunga okwera. Dziko la Japan linalamula kuti magalimoto a mitundu yatsopano kuyambira mu October 2012 akhale ndi makina oletsa galimoto kutsetsereka pokhota. Zimenezi sizingaikidwe m'galimoto ya 1995 ndi ndalama iliyonse. Munthu amene ayenda ndi banja lake maulendo aatali sabata ndi sabata aganizire mfundo imeneyi kwambiri.

Chachiwiri ndi petulo. Koma apa tiwerengere bwino. Tiyerekeze kuti mphunzitsi ayenda makilomita 1,000 pa mwezi, ndipo galimoto yake yakale iyenda makilomita 10 pa lita pamene yatsopano iyenda 15. Yakale imwa malita 100, yatsopano malita 67. Kusiyana ndi malita 33. Pa mtengo wa October 2025 uja, apulumutsa pafupifupi K115,000 pa mwezi, kapena K1.4 miliyoni pa chaka. Tsono tiyerekezenso kuti wabwereka K15 miliyoni pa chiwongola dzanja cha 30 pa 100 iliyonse. Chiwongola dzanja cha chaka choyamba chokha chiyandikira K4 miliyoni ngakhale akhale akubweza mwezi ndi mwezi. Ngakhale mtengo wa petulo utawirikiza kawiri, zimene apulumutsa sizingakwanire chiwongola dzanjacho. Amene agula galimoto ya ngongole kuti apulumutse petulo agwetsa nkhokwe kuti atole chimanga chimene chinagwa pansi.

Ndipo yatsopano iri ndi misampha yake. Ku Japan, Swift Sport inapangidwira petulo wapamwamba. Injini ya turbo ifuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo siikhululukira petulo wa m'zigubu amene anthu athamangira mafuta akasowa, monga zinachitikira m'zaka za 2022 ndi 2024. Magalimoto ambiri ang'onoang'ono ali ndi giyabokosi ya CVT, imene ifuna mafuta akeake. Ikathiridwa mafuta olakwika iwonongeka, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kugula ina yathunthu. Matenda a galimoto zotere apezeka ndi kompyuta, pamene Corolla yakale makaniko wa pa Chitakale kapena pa Limbuli aidziwa ndi khutu. Wogula afunsenso ngati zikwama za mpweya za kampani ya Takata, zimene zinachititsa kuti magalimoto mamiliyoni ambiri aitanidwenso ku mafakitale pa dziko lonse, kuphatikizapo ma Honda Fit ndi ma Toyota Vitz a zaka zina, zinasinthidwa galimotoyo isanachoke ku Japan. Safunsa anadya phula.

Mtengo wa liwiro

Tsono tifike pa muzu wa nkhani. Kodi liwiro limene tiri kulisirira litipatsa chiyani? Pa ulendo wa makilomita 60, woyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola atenga mphindi 45, ndipo woyenda pa 100 atenga mphindi 36. Phindu lake ndi mphindi 9. Koma mtunda umene galimoto ifuna kuti iime ukula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo uwirikiza kanayi. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 kuwonjezera mtunda woimira ndi kupitirira theka. Pamalo pamene woyenda pa 80 waima kale, woyenda pa 100 akali kuthamanga pa liwiro lopha munthu.

Bungwe la WHO linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni afa pa ngozi za pamsewu chaka chirichonse pa dziko lonse, ndi kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Amenewa ndiwo adzaza misewu ya Mulanje: othyola tiyi opita ku ntchito mbandakucha, akabaza onyamula matumba, amayi a nanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu, khamu la tsiku la msika pa Nkando ndi pa Limbuli, ndi ana a sukulu amene aphunzitsi omwewa awaphunzitsa. Zikwama za mpweya ziteteza amene ali m'kati. Mwana wodutsa msewu alibe chikwama. Makolo ananena kuti kuthamanga sikufika.

Maganizo athu

Amene galimoto yake thupi lake ndi lolimba, losadyedwa ndi dzimbiri pansi, ndipo injini yake yapambana poyezedwa, aisunge. Ayambe ndi matayala ndi mabuleki, atsatize mashoko, kenaka injini, pang'onopang'ono monga malipiro alola, popanda ngongole. Afune makaniko wophunzira ntchito yake, monga amene anadzera m'sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA, ndipo apemphe kuona chipangizo chakale chimene chachotsedwa. Galimoto yotere siidzapambana Swift Sport pa chitunda cha ku Thyolo, koma idzafika ku sukulu ya kumudzi m'mwezi wa February.

Amene galimoto yake yaola pansi, kapena imtengera ku garaja mwezi ndi mwezi ndalama zofanana ndi kubweza ngongole, aigulitse ndi kufuna ina. Koma posankha asayang'ane akavalo. Ayang'ane kutalika kwa mimba kuchokera pansi, muyeso wa matayala, kupezeka kwa zipangizo ku Limbe, ndi zida zachitetezo. Vitz, Fit, Swift kapena Demio wamba, wa matayala a mphira wokwanira, amtumikira bwino kuposa mbale wake wa liwiro, ndipo mtengo wake ndi wotsika.

Ndalama zakunja zimene dziko ligwiritsa ntchito pogula magalimoto ndi zomwezo zimene zigula mankhwala, feteleza ndi mabuku, ndipo zina mwa izo zichokera m'thukuta la othyola tiyi a ku Mulanje komweko. Wantchito wa Boma amene asamala galimoto yake kuti ikhale zaka zina zisanu wathandiza banja lake ndipo wathandiza dziko. Asachite manyazi akapitiriridwa pa msewu wa Midima. Apatuke pang'ono, wothamangayo adutse.